FETELEZA WA KU BUTCHALA

Achinyamata anzathu a pa Boma, Kamwendo, Waliranji, Kapiri, Mkanda mpaka ku boda,

Mabwana a ku Capital Hill akhala akutiwerengera mayina a zigawenga zimene zinapha chuma chathu. Woyamba Covid. Wachiwiri Putin, munthu woti sanapondepo phazi ngakhale pa Kamwendo. Kenako namondwe Freddy, kenako El Niño. Onse oganiziridwawo ndi alendo, wa pakhomo palibe ndi mmodzi yemwe. Mawa mudzamva kuti kwacha inalodzedwa.

Sitikukana, Freddy anapha abale athu mazanamazana mu 2023, ndipo chilala cha 2024 chinapsereza chimanga. Koma tiuzeni, ndi namondwe uti amene mu 2022 analipira K750 miliyoni ku Barkaat Foods, kampani ya ku UK yogulitsa nyama, kuti itibweretsere feteleza? Agogo athu sanapite kusukulu koma sanalowepo mu butchala kukafunsa Urea. Nduna ya zaulimi, Lobin Lowe, inachotsedwa, ife tinadzala mothamanga feteleza atachedwa. Chaka chomwecho kunyumba ya boma kunali chimwemwe, eti Bridgin Foundation ikutipatsa $6.8 biliyoni yaulere. Amene anaionako ndalama imeneyo atitumizire chithunzi.

Ndipo wina asatinamizire kuti tikutumidwa ndi chipani. Cashgate ya 2013, ija ya K24 biliyoni, inachitika boma lili la ena. Amasintha mtundu wa nsalu basi, mphika ndi womwewo.

Nkhani yeniyeni ndi yosavuta, safuna kuti muimve. Dziko lino limagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi katatu kuposa amene limagulitsa. Mafuta, feteleza, mankhwala, ngakhale kaunjika, zonse ndi madola. Madola athu ambiri amachokera ku fodya, mbewu imene azungu omwewo akuuzana kuti asiye kusuta. Ndiye boma limadya zoposa zimene latolera, n'kumakongola m'mabanki a konkuno ngati munthu wa katapila. Mabanki akaona kuti boma limabweza ndi chiwongoladzanja chonona, angabwereke iwe wa geni ya mandasi? Madola akatha, amatsitsa kwacha: 25 peresenti mu May 2022, 44 peresenti mu November 2023. Anati ndi mankhwala owawa a IMF, tipirire. Tinameza. Pofika May 2025 pulogalamu ya IMF ija inathera panjira, dokotala ananyamula chikwama, wodwala akadali pa mphasa.

Ife a m'malire sitifuna katswiri wa pa wailesi kuti atifotokozere zimenezi. Mu December 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, nyumba yokongola zedi. Koma imani panja muone. Soya ndi mtedza wathu zikuwoloka pa njinga usiku kudzera njira zachidule, chifukwa mlimi waona kuti kwacha ya ku Chipata ikagona m'thumba imadzuka ili yomweyo, pomwe yathu imadzuka itaonda. Mlimiyo amutcha wozembetsa katundu. Uja anatumiza ndalama ku butchala amutcha Olemekezeka.

Ku banki amalemba mtengo wa dola pa bolodi, dolayo palibe. Kuseri kwa msika ilipo, pamtengo wina. Mtengo wa pa bolodi uja alipo amene amaupeza, ndipo si inu a kabaza amene mumagona pa mzere wa mafuta ndi chigubu. Mu 2022 anatipatsa K5,000 ya pepala limodzi kuti tisamalemedwe. Zoonadi sitikulemedwa, jumbo yochokera kumsika mwana wa zaka zitatu akunyamula ndi chala chimodzi.

Ntchito 1 miliyoni zija tinaziwerenga, zinakwanadi: aliyense pano ndi ejenti wa Airtel Money, tikungotumizirana K2,000 yomweyomweyo.

Tsono tamverani. Sabata ino aliyense alembe mitengo ya pamsika wa kwawo: shuga, sopo, mafuta ophikira, thumba la feteleza, ndi mtengo umene mavenda akugulira soya. Jambulani, tumizani ku gulu. Tikaika pamodzi tikapereka kwa aphungu onse a Mchinji ndi makhansala, pamaso pa anthu, masana, mwamtendere. Funso ndi limodzi: ngongole zimene akuvomereza ku Nyumba ya Malamulo m'dzina lathu zagula chiyani kuno? Akayamba za Putin, muwafunse kuti Putinyo anasaina cheke chiti.

Wobwera ndi miyala si wathu. Wobwera ndi nsalu ya chipani akaisiye kunyumba.

Tumizani uthengawu m'magulu onse. Amene alibe bandulo muwawerengere.