Kusinkhasinkha kwa Abuda Si Mankhwala a Tulo



Lero ndisiye kaye za chinamwali ndi gule, ndidandaulireko mwambo wa eni ake wa ku India umene amalonda auvula zovala. Pa foni zanu muli mapulogalamu a mindfulness amene amati mukalipira pamwezi ndi kutsinzina mphindi 10, mtima udzakhala pansi ndipo tulo tidzabwera. Chikomekome cha mkuyu!

M'mabuku akale a Chipali liwu lake ndi sati, ndipo tsinde lake ndi kukumbukira. T. W. Rhys Davids wa ku Britain ndiye adalimasulira kuti mindfulness mu 1881. Pa mfundo 8 za njira imene Buddha adaphunzitsa, sati imabwera pa nambala 7. Isanafike iyo pali kulankhula koyenera, kuchita zoyenera ndi kupeza chakudya m'njira yosapweteka ena. Wozula mzati umodzi asatinamize kuti wasamutsa nyumba.

Chimene amalondawa sanena n'chakuti munthu akangokhala chete, adani asanu amadzuka. Abuda amawatcha nivarana, ndiko kuti zotchinga. Pophunzitsa munthu wina dzina lake Sangarava, Buddha adafanizira mtima ndi madzi a m'mbale amene munthu afuna kuonerapo nkhope yake. Chilakolako chili ngati madzi othira utoto, chidani ngati madzi owira. Ulesi ndi kuodzera ndiwo madzi ophimbidwa ndi ndere. Kusakhazikika pamodzi ndi kudziguguda pachifuwa ndi madzi owinduka ndi mphepo, ndipo kukayika ndi madzi amatope oikidwa mumdima. Aliyense amene adatungapo madzi padambo amva fanizoli popanda womasulira.

Taonani tsono: tulo timene pulogalamu ikugulitsa, Buddha adatiwerengera pakati pa adani a wosinkhasinkha! Wophunzira wake Moggallana ataodzera, iye sadamuyamikire kuti wapeza bata. Adamuuza kuti akoke makutu ake, afikise manja ndi miyendo, asambe m'maso, ayang'ane nyenyezi, ndipo zikakanika adzuke aziyendayenda. Mphunzitsi aliyense wa phunziro la masana, mwezi wa Okutobala, akudziwa kuti malangizo amenewa ndi a munthu wodziwa ntchito.

Ntchito yeniyeni ndi yowawa. Chidani chikabwera, uchizindikire kuti chabwera, uone chimene chachidzutsa, udziwe mmene chimachokera ndi mmene ungachitsekere khomo kuti chisabwerenso. Kenaka uphunzire kufunira zabwino munthu yemweyo amene wakukwiyitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku amonke amakuphunzira zaka zambirimbiri.

Sindikunyoza Jon Kabat-Zinn, amene mu 1979 adayambitsa maphunziro a masabata 8 pa University of Massachusetts pofuna kuthandiza odwala ululu wosatha. Wodwala akapeza mpumulo, ndani angamuletse? Mkwiyo wanga uli pa iwo amene adatola chipatsocho nadula mtengo, ndi pa mabwana amene amaphunzitsa antchito kupuma mwakachetechete m'malo mowachepetsera katundu.

Chimene chindiwawa koposa ndi nkhani ya kudziguguda pachifuwa. Kwa Abuda, mtima wosadzitsutsa umamera pa khalidwe: usaphe, usabe, usachite chigololo, usaname, usaledzere. Wosunga zimenezi akakhala pansi alibe chomuluma. Koma wamalonda amauza aliyense kuti maganizo ndi mitambo chabe, ingowayang'ana apite. Ndiye kuti munthu amene walanda munda wa ana amasiye akhale pamphasa, apume mozama, chikumbumtima chipite ngati mtambo? Polankhula ndi mfumu Ajatasattu, amene adapha atate ake kuti alowe ufumu, Buddha adafanizira zotchingazi ndi ngongole, nthenda, ndende, ukapolo ndi ulendo wa m'chipululu. Mfumuyo isanachoke pamalopo idavomera poyera mlandu wake.