Tisaweruzidwe ndi Chigamulo Chopanda Maziko

Abale ndi alongo a kuno ku London, pali mlandu umene timazengedwa nthawi zonse tikapita kumudzi. Otizengawo amati: anamwino ambiri anachoka m'Malawi, zipatala zathu zilibe anamwino okwanira, choncho amene tinachokafe ndife tinapha zipatala. Mfundo ziwiri zoyambazo n'zoona, ndipo sitikuzikana. Koma yachitatuyo siichokera mwa ziwirizo.

Kuti chigamulochi chiime, pakufunika mfundo ina imene iwo saitchula: yakuti namwino aliyense wotsala kumudzi amalembedwa ntchito. Imeneyi ndi yabodza. Kwa zaka zambiri bungwe la anamwino ndi azamba lakhala likudandaula kuti anamwino omaliza maphunziro akungokhala pakhomo chifukwa boma likulephera kuwalemba ntchito. Titabwerera tonse mawa, tingangotalikitsa mzere wa ofuna ntchito.

Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi DFID ndi Global Fund, linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha anamwino ochoka chinatsika. Umboni umenewu ukuloza ku kuchepa kwa malipiro, osati ku kusakonda dziko.

Ngakhale mphekesera yotchuka ija, yakuti ku Manchester kuli madokotala achimalawi ambiri kuposa m'Malawi monse, a BBC ataifufuza mu 2012 anapeza kuti si yoona. Komabe ena akuibwerezabe.

Tisaweramitse mitu, abale. Wotiimba mlandu ayambe watiuza kuti ntchito zilipo zingati ndiponso ndalama zolipirira zili kuti. Akatero, tidzakhala pansi n'kukambirana zobwerera.