Wolima ndi mayi, wokolola ndi bambo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene ndinakuimirirani kutsogolo choko chili m'manja, lero ndalemba ndili wokwiya, ndipo mbali ina ya mkwiyowu ndikudzikwiyira ndekha.

Sabata yatha ndinakumana ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa masamu Folomu 3 ndi 4. Pano ndi mayi wa ana awiri, amagwira ntchito pakampani ina mu Blantyre. Kampaniyo itasiya kulemba maakaunti m'mabuku n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta, ndi iyeyo amene anatha miyezi akulowetsa mafayilo onse akale, kuweruka kutada tsiku ndi tsiku. Ataidziwa bwino pulogalamuyo, mabwana anamuuza kuti aphunzitse anzake a muofesi. Mpando wa mkulu wa dipatimentiyo utapezeka, anapatsa mnyamata mmodzi mwa amene iye anawaphunzitsa. Atafunsa chifukwa, anamuuza kuti iye ndi wodalirika kwambiri pamene alipo, ndiye sangamusunthe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kodi kulimbikira kumene munkatiuza kuja malipiro ake ndi amenewa?" Ndinasowa choyankha.

Nditafotokoza nkhaniyi mu sitafu rumu, mnzanga wina anati ndi tsoka chabe, winanso anati paja amayi za makina sazikonda kwenikweni. Bodza limeneli ndi limene ndikufuna kulitsutsa, chifukwa mbiri ya kompyuta imanena zina.

Kompyuta yotchuka ya ENIAC imene inaonetsedwa kwa anthu ku University of Pennsylvania ku America mu 1946, amene ankaikonza kuti izitha kuwerengera masamu anali amayi asanu ndi mmodzi. Patsiku loionetsa palibe amene anawatchula maina, ulemu wonse unapita kwa abambo amene anamanga makinawo. Nthawi imeneyo kulemba mapulogalamu ankakuona ngati ukalaliki, ntchito yapansi ya malipiro ochepa, ndiye inali yowayenera amayi. Ku Britain zinali chimodzimodzi. Buku la Programmed Inequality la 2017 limasimba za mayi wina wa m'boma amene mu 1959 anaphunzitsa abambo awiri ntchito ya kompyuta, abambowo n'kukwezedwa kukhala mabwana, iye n'kutsitsidwa kukhala wowathandizira. Kodi zikusiyana pati ndi za mwana wanga wa ku Blantyre uja? Ku America komweko, mu 1984 atsikana anali 37 pa ophunzira 100 alionse amene anatenga digiri ya sayansi ya makompyuta, koma pofika 2010 anali osakwana 20. Kodi ubongo wa atsikana unachepa m'zaka zimenezo? Chimene chinasintha n'chakuti ntchitoyo inayamba kukhala ya ndalama ndi ulemu, ndipo pomwepo anthu anayamba kunena kuti ndi ya amuna.

Ena mwa inu munena kuti vuto ndi uchembere, kuti kampani singadalire munthu amene mawa apita kukachira. Tiyeni tiwerengere. Lamulo lathu la Employment Act la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu pa zaka zitatu zilizonse. Masabata 8 pa masabata 156. Bambo amene amathera theka la chaka kumawekishopu ku Mangochi palibe amati ndi wosadalirika.

Ndipo alipo mayi amene anaonetsa poyera kuti chifukwa chimenechi n'chopanda mutu. Stephanie Shirley, amene anafika ku Britain mu 1939 ali kamwana kothawa ulamuliro wa Hitler, anatopa ndi kuponderezedwa pantchito n'kuyambitsa kampani yake ya mapulogalamu, Freelance Programmers, mu 1962, ndi mpamba wa mapaundi 6 okha. Analemba ntchito amayi amene makampani ena anawataya atakwatiwa kapena atabereka, ndipo ankagwirira ntchito kunyumba akulera ana. Mwa antchito 300 oyambirira, abambo analipo atatu okha. Amayi amenewa ndi amene analemba pulogalamu ya kabokosi kosunga za ulendo wa ndege ya Concorde. Koma tamverani ichi: makalata ake ofuna bizinesi sankayankhidwa mpaka anayamba kusaina dzina lachimuna lakuti Steve. Luso linali lomwelo, chimene chinatsekula zitseko ndi dzina.

Kuno kwathu tili ndi Gender Equality Act ya 2013, imene imati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 komanso asapitirire 60 pa 100 alionse. N'zabwino, koma gawo limeneli likukamba za boma. Kumakampani mpando umaperekedwa ndi anthu ochepa atatsekera chitseko, ndipo nthawi zambiri nkhani yake imakhala itathera kale kumowa Lachisanu madzulo, kumene mayi wa ana awiri sapezekako.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti kusintha kwina kwafika. Mu 2023 bungwe la ILO linapeza kuti ntchito zimene zili pachiopsezo kwambiri chifukwa cha mapulogalamu a AI ndi za ukalaliki, zolemba makalata ndi zolowetsa manambala zija, ndipo m'ntchito zimenezi amayi ndiwo ambiri. Ndiye taganizani: tinawakankhira pansi pa makwerero, ndipo makina akubwera kudzathyola chopondera chapansi chomwecho. Amene adzatsale ndi amene amasankha pulogalamu yogula, amene amaiyang'anira, amene amasaina. Ngati amayi mulibe m'gulu limenelo, adzakhala oyamba kulandira makalata.

Tsopano ndibwere kwa ife aphunzitsi, ndiyambe ndi ine. Pasukulu yathu makompyuta ndi ochepa. Belu likalira anyamata amathamanga n'kukhala pamipando, atsikana n'kuima kumbuyo akusuzumira. Kwa zaka zambiri ndinkaziona zimenezi osanena kanthu. Patsiku lolangiza za ntchito, mnyamata wokhoza masamu tinkamuuza za uinjiniya, mtsikana wokhoza masamu omwewo tinkamuuza za unamwino kapena usekilitale. Pofuna woyang'anira kalasi tinkasankha mnyamata, mtsikana n'kukhala wachiwiri wake wolemba maina a olongolola ndi kuonetsetsa kuti m'kalasi mwasesedwa. Kampani ija sinayambitse kanthu kachilendo, inangopitiriza zimene tinaphunzitsa ife. Teremu ino ndalemba ndandanda wosinthana pamakompyuta, ndipo amene aime kumbuyo aima chifukwa nthawi yake sinakwane.

Kwa inu ana anga aakazi amene muli m'maofesi: musakhutire ndi kuyamikiridwa kuti ndinu odalirika. Ntchito iliyonse yatsopano imene mwagwira, aliyense amene mwamuphunzitsa, lembani ndi kusunga, ndipo funsani msanga kuti dzina la udindo wanu ndi malipiro zisinthe ntchitoyo isanathe. Mpando ukatuluka lembani kalata, musadikire kuti wina akukumbukireni. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma katundu wamkulu ndikutula kwa inu anyamata anga amene pano ndinu mabwana. Ena a inu ndimakumbukira bwino amene ankakuthandizani masamu usiku wa pulepu mayeso a MSCE atayandikira. Tsiku limene mudzakhale m'chipinda chosankhira munthu wokwezedwa, funsani funso limodzi mokweza: anaphunzitsa ena ntchitoyi ndani? Mukadzamva dzinalo n'kusankhabe wina, musadzanene kuti munadutsa m'manja mwanga.

Ndatha ine mphunzitsi wanu wa masamu.