Makompyuta nawonso amakangana pa muyeso

Kuno kwa Kuntumanji, mukalawirira padoko la nyanja ya Chilwa, simulephera kumva mkangano wa matemba. Msodzi akuti "beseni limodzi", wogula wochokera mumzinda wa Zomba akuganiza za beseni lake lalikulu lija. Palibe wabodza, koma sakumvana. Ine ndimati makompyuta amavutika ndi nkhani yomweyi.

Pulogalamu ikafuna kupempha kanthu kwa inzake pa intaneti, imayamba yawerenga chikalata chofotokoza zomwe inzakeyo imalandira ndi zomwe imabweza. Chimodzi mwa zikalata zotere zodziwika ndi WSDL, ndipo mtundu wake wa 1.1 unatuluka mu 2001. Kutumiza dzina limodzi kapena nambala imodzi sikunkavuta. Mutu unkazungulira pa mndandanda, womwe akatswiri amautcha array, monga mayina a asodzi makumi awiri. Malamulo a SOAP a mu 2000 anali ndi njira yawoyawo yolembera mndandanda, yolola ngakhale kudumpha malo ena osalembapo kanthu. Mapulogalamu olembedwa mu Java ankaimva mwanjira ina, a Microsoft .NET mwanjira inanso, uthenga n'kukanidwa basi.

Mu 2004 bungwe la WS-I linatulutsa malangizo otchedwa Basic Profile, n'kuletsa njira ija. Linati olemba azingonena kuti chinthu chakutichakuti chikhoza kubwerezedwa kangapo. Mwina muti, "Aa, ndiye anataya luso!" Zoona, zina zinatayika. Koma luso lomwe mnzako sakulimva lili ndi phindu lanji? Kwa ine, njira yophweka yomwe onse agwirizana imaposa yozama yomwe aliyense akuitanthauzira payekha.

Musati izi n'zakunja zokha. Kuyambira mu 2015, National Switch inalumikiza mabanki athu, ndipo masiku ano ndalama zimatha kuchoka pa Airtel Money kupita pa TNM Mpamba. Kuti mayi wogulitsa matemba alandire ndalama zake zonse, makina a mbali ziwirizo ayenera kumvana pa kalembedwe ka uthenga uliwonse.

Ndiye anzanga, tsiku lomwe mudzalembe pulogalamu yolankhula ndi inzake, dzifunseni mafunso atatu. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu zitha bwanji? Ukakhala ndi chinthu chimodzi? Nanga zikakhala chikwi? Mukatero, gwirizanani kaye za beseni musanayambe kuyeza.