BATANI LOPANDA DZINA LITSEKELA OSAONA KUNJA

Masiku ano ndalama zimene ana a mu Lusaka atumiza kumudzi siziyendanso pa basi kapena pa positi. Ziyenda pa foni. Mu komboni ya Mtendere tunyumba twa Airtel Money ndi MTN tuli pambali pa misewu ndi pamsika, ndipo munthu agula malaiti a ZESCO ali khale pa mpando. Koma cisomo cimeneci sicinafike mokwanila kwa abale osaona.

Munthu wosaona agwilitsa nchito foni mwa kumvetsela. Mu mafoni a Android muli TalkBack, mu iPhone muli VoiceOver kuyambila mu 2009 pomwe Apple anaiikamo. Pulogalamu yotele ilibe maso. Imafunsa foni dzina ndi nchito ya cinthu ciliconse cimene cala cakhudza, kenaka inena mokweza. Mwini wake akagogoda kawili, batani ligwila nchito. Ngati wopanga pulogalamu ya banki anangoika kacithunzi osalemba dzina, mau aja angonena kuti pali batani, osauza ngati ndi lotumiza kapena lofafaniza.

Pamenepo wosaona apeleka foni kwa mnzake, ndipo kambili aulula nambala yake yacinsinsi. Ndalama ya feteleza imene mwana watumiza ku Katete kapena ku Petauke ikhala m'manja mwa wina.

Akatswili ali ndi njila yozembela vutoli. Pa kompyuta, JAWS ndi NVDA zilola munthu kulemba malamulo aafupi ouza pulogalamu kuti ipeze batani lobisika ndi kulidina. NVDA inayambika mu 2006, ndipo anaikulitsa ndi Michael Curran ndi James Teh, osaona awili a ku Australia, ipezeka kwaulele. Nzelu imeneyi ndi yotamandika, koma ndi cigamba cabe. Wopanga akasintha pulogalamu yake, cigamba cisoka, ndipo mlimi wa kumudzi alibe katswili pafupi woti asokenso.

Mankhwala eni-eni ali kwa opanga: batani lililonse lipatsidwe dzina. Nchito imeneyi ndi yaing'ono, yosadya ndalama zambili. Dziko la Zambia linavomeleza pangano la United Nations la anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act. Conco mabungwe a ZAPD ndi ZICTA afunika kuumiliza mabanki ndi makampani a mafoni kuti pulogalamu iliyonse iyambe yayesedwa ndi osaona eni ake isanapelekedwe kwa anthu.

Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, osaona anayamba kuphunzitsidwa mu 1905. Dziko limene linawapatsa maphunzilo kale conco lisawamane ufulu wosunga ndalama zao. Maso amatha ndi ukalamba kapena matenda a shuga, ndipo akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.