Khobidi la Agogo Lisaloŵe mu Ndimu ndi Mchere

Pali phunziro la sayansi limene ophunzira uphunzitsi amalikonda kwambiri pamene ife tikuwayendera ku sukulu zoyesererako ntchito. Mphunzitsi amauza ana kuti abwere ndi ndalama zakale zamkuwa, naziviika m'madzi a ndimu othira mchere, ndipo posachedwa khobidi lakuda lija limatuluka likuŵala. Ana amaomba m'manja. Ife sitikana kuti phunziroli nlokoma, pakuti limaonetsa bwino m'mene asidi amasungunulira dzimbiri. Chimene tikukana ndi chinthu chimene chikuviikidwacho.

Taonani zimene ana amabweretsa. Wina adzatulutsa khobidi lobooka pakati la nthaŵi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njovu ziŵiri, limene linasulidwa pakati pa 1955 ndi 1963. Wina adzabwera ndi theka lake, lija la akadyansonga. Winanso ndi tambala imodzi ya 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinaloŵa m'malo mwa mapaundi, masheleni ndi makobidi. Kaŵirikaŵiri ndalama zotere zimachokera m'kachitini ka agogo, ndipo mwana wabwereka ndi lonjezo lakuti abweza. Akabweza khobidi lotuŵa mofiirira ngati lasendedwa, agogo sadzalizindikira, ndipo osunga ndalama zakale sadzalifunanso pa mtengo wake woyenera.

Tsono mphunzitsi ayenera kudziŵa kuti zobiriŵira za pa mkuwa nzamitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi khungu losalala ndi lolimba, lakuda mofiirira kapena lobiriŵira moderako, limene limabadwa pang'onopang'ono mkuwa ukakomana ndi mpweya ndi chinyezi kwa zaka zambiri. Limeneli si matenda ayi, ndi chofunda chimene chimateteza mkuwa wa pansi pake, ndipo lisiyidwe. Mtundu wachiŵiri ndi timadontho totuŵa mobiriŵira, tofumbutuka ngati ufa tikakhudzidwa ndi kamtengo. Ameneŵa ndiwo matenda enieni. Amayamba ndi mchere, ngakhale wa m'thukuta la m'manja, umene ukakomana ndi mkuwa ndi chinyezi umabala asidi; asidiyo amadya mkuwa wina, ndipo ntchitoyo imabwerezeka mpaka khobidi litachita maenje. M'dzinja, pamene mpweya uli wonyowa, matendaŵa amafulumira.

Apa ndi pamene phunziro lathu lija limalakwira kaŵiri. Ndimu imachotsa chofunda chabwino, mchere nusiya mbewu ya matenda pa mkuwa wosavala. Khobidi limaŵala Lachiŵiri, koma pakutha miyezi ingapo limayamba kufumbutuka. Za mchenga, phulusa ndi Brasso sitinenanso, pakuti zimafafaniza ndi njovu zomwe.

Nanga khobidi lodwaladi tilichite chiyani? Ntchito yake ndi ya kuleza mtima, ndipo nchifukwa chake ikuyenera m'kalasi. Ana achotse ufa uja pang'onopang'ono ndi munga kapena kansungwi kosongola, osati singano. Kenaka aliviike m'madzi oyera opanda mchere, monga aja ogulidwa othira m'batire ya galimoto (tikunena madzi, osati asidi wake), ndipo azisintha madziwo masiku angapo alionse kwa milungu ingapo kuti mchere utuluke. Potsiriza aliumitse ndithu padzuŵa, alikulunge m'pepala louma ndi kulisunga m'botolo lotsekeka bwino. Osunga zakale m'nyumba za chionetsero amawonjeza mankhwala otchedwa benzotriazole, koma ameneŵa si a ana. Ufa wobiriŵirawo suyenera kufika kukamwa, kotero aliyense asambe m'manja akamaliza.

Ena adzati mphindi makumi atatu za phunziro sizilola kudikira milungu. Nzoona, komatu timadikira nyemba kuti zimere m'chitini pa zenera, ana nalemba zimene aona tsiku ndi tsiku. Khobidi lingakhale pa zenera lomwelo. Ndipo ngati mukufuna kuti ana aombe m'manja tsiku lomwelo, pemphani kwa okonza magetsi zidutswa za waya wamkuwa wakale. Viikani chimodzi mu ndimu yokha, china mu ndimu ndi mchere, chachitatu musachikhudze. Muzisiye zonse pa nsalu yonyowa osazitsuka, ndipo ana adzazione Lolemba lotsatira.