Chikepe cha Roboti Chiyambire pa Pepala

M'chaka cha 2018, ana a sukulu za sekondale amene analoŵa mpikisano wa FIRST Robotics Competition, umene unayamba mu 1992 mumzinda wa Manchester, ku New Hampshire m'dziko la America, anapatsidwa ntchito yooneka yapafupi: roboti yawo inyamule timabokosi ndi kutisanjika pa sikelo yaitali. Komabe malamulo anaika malire a msinkhu wa robotiyo poyamba maseŵera. Motero magulu ambiri anapanga chikepe cha mapaipi oloŵetsana, otalika ndi kufupika monga eriyo ya wailesi, okokedwa ndi mota kudzera pa chingwe kapena tcheni.

Chikepe chotere chikakana kukwera, ophunzira amafulumira kunena kuti mota yachepa. Kaŵirikaŵiri mlandu suli pa mota ayi, koma pa masamu amene sanachitidwe.

Masamuwo si apatali. Kukweza katundu wa makilogalamu 5 kufika mamita 2 m'masekondi 2 kumafuna mawati pafupifupi 50. Pamenepo aonjezerepo kulemera kwa mapaipi eni ake ndi kukhulana kwake. Ngakhale mota yaing'ono ingaithe ntchitoyi, malinga liŵiro lake lachepetsedwa ndi magiya, pakuti mota yozungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi ilibe mphamvu yokokera kanthu payokha.

Pamene ambiri amaphunthwa ndi pa kamangidwe ka chingwe. Chikamangidwa kuti zigawo ziŵiri zizikwera nthaŵi imodzi, chigawo chapamwamba chimayenda mtunda woŵirikiza kaŵiri wa chapansi. Maso amakondwa nalo liŵirolo, koma mota imamva makilogalamu 5 aja ngati 10. Wophunzira amene sanadziŵe zimenezi amangodabwa mota ikutentha, batire likutha msanga. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo roboti yotalika mamita 2 ikayenda mothamanga itasenza katundu pamwamba imagwa chagada pokhota.

Palinso tinthu tiŵiri toiŵalika: kaswitchi koimitsa mota chikepe chikafika kumapeto, kuopa kudula chingwe, ndi buleki yoletsa katundu kutsika yekha magetsi akazima.

Ena adzatsutsa, nati nthaŵi imachepa. Ndipo n'zoona kuti m'chaka chimenecho magulu anali ndi milungu 6 yokha yopangira roboti. Adzatinso mwana amaphunzira poyesa ndi kulephera. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma paipi ya aluminiyamu yodulidwa moperewera siphukanso, ndipo mota yopsa imadya ndalama ndi masiku omwe ankasungidwawo. Kulephera kwa pa pepala kumangodya labala.

N'chifukwa chake mphunzitsi wotsogolera gulu ayenera kubisa sowo kufikira ophunzira atamuonetsa kope lolembedwamo kulemera kwa chigawo chilichonse, kukula kwa gudumu lokulunga chingwe, chiŵerengero cha magiya, ndi masekondi amene chikepe chidzatenga kuti chifike pamwamba.